Ndowa Khumi za Mchere

Pafakitale pathu timapanga sopo wamadzi wotsukira mbale, wobiriwira uja wonunkhira mandimu. Ine ndimagwira ntchito mu labu, kachipinda kamene kale ankasungiramo matsache ndi zokolopera, ndipo udindo wanga ndi kuyeza sopo asanalowe m'mabotolo. Amene amasakaniza sopoyo m'mathanki ndi bambo anga ondibereka. Agwirapo zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo aliyense amawaitana kuti a Thovu, ngakhale mlonda wapageti amene wayamba ntchito mwezi watha. Ine ndinalowa zaka zitatu zapitazo, nditamaliza maphunziro a kemisitiri amene iwo omwewo anandikakamiza kuti ndisawasiyire panjira. Kuyambira pamenepo, thanki iliyonse imene bambo asakaniza imadikira kuti ine ndisaine. Nkhani imeneyi sitinaikambepo, kaya kuntchito kaya kunyumba.

Lachiwiri limenelo ndinafika mochedwa. Mwana wanga anali atakhosomola sabata yathunthu, bambo ake ali paulendo ndi lole, ndipo m'mawa umenewo anandisanzira mankhwala pabulauzi nditavala kale. Ndinasintha, ndinakamusiya kwa mayi a nyumba yoyandikana nayo, kenako ndinaima m'basi njira yonse nditapanikizika pachitseko. Pamene ndinkalowa pageti, miyendo inali ikufuna kale kubwerera kunyumba.

Makina othira sopo m'mabotolo amalira kuyambira seveni koloko, moti munthu umazolowera n'kusiya kuwamva. Tsiku limenelo kunali zii. Amayi a kumabotolo anali atakhala pamakireti, wina akumuluka mnzake tsitsi. Mkulu wawo, mayi wamtali amene timawatcha a Chivindikiro chifukwa ndi amene amaona ngati mabotolo atsekeka bwino, anandikodola ndi chibwano.

"Mwafika, mayi a labu? Pitani mukawaone a Thovu. Lero atiphikira tiyi m'malo mwa sopo."

Ena anaseka, koma kunali kuseka kwa anthu odziwa kuti aweruka mochedwa.

Ndinawapeza bambo pamwamba pa makwerero a thanki yachiwiri, atagwira thabwa lawo lalitali loyesera sopo. Ovololo inali yonyowa mpaka m'zigongono.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Ndadzuka, kaya iwe. Mdzukulu wanga?"

"Akukhosomolabe. Chachitika n'chiyani kuno?"

Anaviika thabwa m'thanki n'kulitukula kuti ndione. Sopo wabwino amatsika pathabwa mwaulesi, ngati chingwe chonenepa, ndipo akafika pansi amayamba wadzipinda kaye asanasakanikirane ndi mnzake. Uyu anangoti chuu ngati madzi a pampopi. Mtundu wakenso sunali woyera bwino, unali ndi kachifunga.

Anthu ambiri sadziwa kuti chimene chimalimbitsa sopo wamadzi ndi mchere, womwewu wa kukhitchini. Mankhwala a sopo ukawasakaniza ndi madzi okha amakhala amadzimadzi, ndipo palibe mayi amene angagule botolo lotero, amati mwamuthirira madzi. Ndiye timasungunula mchere m'ndowa n'kuthira pomalizira, sopo n'kulimba. Thanki imodzi imadya ndowa zisanu ndi imodzi. Zakhala choncho kuyambira ndili ku pulayimale.

"Mwathira zingati?" ndinafunsa.

"Dzulo masana ndinathira sikisi monga mwa masiku onse. Osalimba. Ndinati mwina mankhwala a m'migolo yatsopanoyi ndi osukuluka, ndinawonjezera ziwiri. Osalimba. Lero m'mawa ndawonjezera zina ziwiri."

"Khumi?"

"Khumi."

"Koma bambo, inu mukudziwa kuti mchere ukapitirira sopo amabwerera."

"Zimenezo ndinazidziwa iwe usanamere mano," anatero, osakweza mawu. "Amabwerera pa naini, pa teni. Pa sikisi sanabwererepo chiyambire. Ndiye pa sikisi akakhala madzi, munthu uganiza chiyani? Uganiza kuti mchere wachepa. Dzulo ndinakufunafuna, anandiuza kuti wapita kuchipatala ndi mwana."

Zinali zoona. Ndinali nditachoka nthawi ya nkhomaliro osabwereranso.

Ndinatunga sopo pang'ono m'jagi n'kupita naye ku labu. Makina athu oyezera kulimba anawonongeka chaka chatha ndipo akudikirabe munthu wodzawakonza, ndiye ndimagwiritsa ntchito kapu yachitsulo yobowola pansi ndi wotchi. Umatseka bowo ndi chala, kudzaza kapu, kuchotsa chala, n'kuwerenga masekondi mpaka kapu itatha. Sopo wathu amayenera kutenga masekondi makumi anayi, kapena pafupi ndi pamenepo. Uyu anatenga asanu ndi anayi. Ndinabwerezanso, ngati kuti kapuyo ingandimvere chisoni. Asanu ndi anayi omwewo.

Ndisanatsuke n'komwe kapu, anandiitana ku ofesi. Manijala wathu timawatcha a Changu, chifukwa mawu amenewo ndi amene amayamba kutuluka pakamwa pawo moni asanabwere. Ndinawapeza ataimirira, foni ili kukhutu, dzanja lina likusaka china chake pansi pa mafayilo.

"Khalani pansi. Ayi, musakhale, nthawi palibe," anatero atadula foni. "Lachinayi m'mawa kukubwera lole kudzatenga sopo ameneyu. Malita zikwi ziwiri. Ndiwauza chiyani anthu? Kuti abwere ndi mabeseni adzasambe?"

A Changu sanadikire yankho.

"Ndikufuna lipoti pofika masana. Mulembe zimene zachitika basi. Munthu wathira mchere wopitirira osafunsa aliyense." Anandiyang'ana, kenako anatsitsako mawu. "Ndikudziwa kuti ndi bambo anu. Inenso ndimawalemekeza, anandipeza... ndinawapeza pano ine. Koma madala aja atopa. Mwezi watha anaiwala kutseka mpopi madzi n'kudzaza pansi ponse. Sindingamangobisa chilichonse."

Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanakwiya. M'malo mwake ndinkangoyang'ana kalendala ya kukhoma, imene inali isanatembenuzidwe kuyambira mwezi watha, ndipo ndinkaganiza zoti ndaiwala kuwapatsa mayi oyandikana nawo aja supuni yoyezera mankhwala a mwana.

"Mundipatse mpaka thu koloko," ndinatero. "Ndikufuna ndione kaye chifukwa chake sanalimbe pa sikisi."

"Thu koloko. Changu, mayi, changu."

Ku labu ndinatsitsa mabotolo agalasi onse amene ndinali nawo, ena a jamu amene ndinachokera nawo kunyumba. Anakwana makumi awiri. Ndinawandandalika pabenchi mizere iwiri, khumi kutsogolo, khumi kumbuyo. Ndinkafuna kupanga sopo pang'ono wopanda mchere kuchokera ku mankhwala akale, ndi wina kuchokera ku migolo yatsopano imene inafika Lachisanu. Ndikatero ndigawe m'mabotolo, ndithire mchere mokwera pang'onopang'ono: botolo loyamba ngati kuti m'thanki mwalowa ndowa imodzi, lachiwiri ngati ndowa ziwiri, mpaka khumi.

Vuto linali kupeza mankhwala akale. Ndinatuluka kukafunsa, ndipo bambo sanadikire kuti ndimalize kufotokoza. Anapita kuseri kwa sitolo kumene timaunjika migolo yotha, anagubuduza umodzi, anaupendeketsa pa njerwa, n'kukhala chogwada kwa mphindi khumi akudikira kuti zotsalira zitsikire m'jagi. Podzuka anagwira khoma kaye.

Atabweretsa jagiyo anaima pakhomo la labu. Pa zaka zitatu zonsezi anali asanalowemo. Akafuna kundiuza kanthu ankagogoda pawindo. Tsiku limenelo anavula majombo pakhomo ngati akulowa m'nyumba ya eni, n'kukhala pakampando kapakona, manja ali pamaondo.

"Ndithandizeni kulemba manambala pamabotolo," ndinatero, kuti asangokhala.

Analemba mosamala, manambala akuluakulu opendekera kumanja, omwe aja ankandilembera pachikuto cha makope ndili mwana. Ine ndinkayeza pasikelo, kuthira, kutakasa ndi kandodo kagalasi. Titamaliza tinayenera kudikira kuti thovu likwere pamwamba, chifukwa sopo wodzaza mpweya amanamiza kapu. Kachipinda kaja kalibe fani. Fungo la mandimu linali litandilowa mpaka m'mutu.

"Kodi kusukulu kuja," anayamba bambo akuyang'ana mabotolo, "anakuuzani kuti mcherewu umakachita chiyani kwenikweni mkatimo?"

Anali asanandifunsepo funso la ntchito. Ndinakhala pampando wanga n'kuvula nsapato imodzi imene inkandiluma.

"Sopo ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso," ndinatero. "Kalikonse kali ndi mutu ndi mchira. Mutu umakonda madzi, mchira umadana nawo. Ndiye tikalowa m'madzi timasonkhana m'timipira, michira kubisala mkati, mitu kuyang'ana kunja. Timipira timagubuduzika mosavuta, n'chifukwa chake sopo wopanda mchere amathamanga. Koma mitu ija siigwirizana. Imakankhana, uliwonse kufuna malo akeake."

"Ngati m'basi."

"Eya, ngati m'basi. Mchere ukalowa umakhala pakati pawo, kukankhana kumachepa, mitu imayandikana. Ikayandikana choncho, timipira timatalika n'kusanduka tiulusi titalititali. Tiulusito timakolana, ngati ulusi wa m'chitini cha amayi chija, ndiye sopo amavutika kuyenda. Kulimba kumene mumaona pathabwa ndi kumeneko."

"Nanga ukapitirira?"

"Tiulusi timayamba kuphuka nthambi n'kumalumikizana tokhatokha. Koma polumikizira pake sipagwira, pamangotsetsereka uku ndi uku, ndiye zonse zimamasuka. Mukapitirizabe kuthira amachita chifunga, kenako amapatukana ndi madzi."

Bambo anapukusa mutu pang'ono.

"Zaka zinayi kusukulu," anatero. "Ine ndimangoti wakhuta, wagona."

Ndinaseka, ndipo kuseka kuja kunatsala pang'ono kusanduka kulira, moti ndinadzuka n'kuyamba kuyeza.

Mzere wa mankhwala akale unayenda monga bambo ananenera. Botolo loyamba madzi, lachiwiri madzi, lachitatu kuyamba kugwira, ndipo lachisanu ndi chimodzi linatenga masekondi makumi anayi ndi awiri. Pa botolo lachisanu ndi chiwiri masekondi anatsika pang'ono. Pofika pa naini linali litabwerera. Bambo ankagwedeza mutu pa botolo lililonse ngati akumva mayina a anthu owadziwa.

Mzere wa mankhwala atsopano unali wina. Botolo loyamba linali litagwira kale. Lachitatu linatenga masekondi makumi anayi ndi limodzi. Lachinayi linayamba kutsika, ndipo lachisanu ndi chimodzi, limene bambo analembapo sikisi wamkulu, linathamanga m'kapu ngati madzi otsukira mpunga. Sipanafunikenso sukulu kuti munthu aone. Migolo yatsopano inabwera ndi mchere wake kale mkati, wokwana ngati ndowa zitatu. Bambo atathira sikisi zawo za masiku onse, m'thanki munali naini.

"Ndiye si ine," anatero bambo chapansipansi.

"Zoyambazo si inu."

Ndinali nditatsegula kale dirowa pofuna pepala lolembapo lipoti. Pansi pa buku langa panali mapepala awiri omata pamodzi, amene anabwera ndi migolo ija Lachisanu. Ndinawakumbuka bwinobwino. Dalaivala anandipatsa ndili pafoni ndi mayi oyandikana nawo, akundiuza kuti mwana watentha thupi ndipo wakana kudya. Ndinayang'ana tsamba loyamba, ndinaona dzina la mankhwala ndi lomwe lija, ndinasaina pabondo, n'kuponya mapepalawo m'dirowa. Tsopano ndinatembenuza tsamba lachiwiri. Zinalembedwa poyera, mzere wachinayi kuchokera pamwamba: kuchuluka kwa mchere m'mankhwalamo. Kunali kopitirira kwambiri kwa migolo yakale. Kuwerenga mzere umenewo ndi ntchito imene anandilembera pafakitale pano. Zikananditengera theka la mphindi.

Ndinakhala pansi. Sindinamve mantha kapena manyazi nthawi yomweyo, ndinangomva thupi kulemera, ngati munthu amene wauzidwa kuti basi yomaliza yapita ndipo ayenda wapansi.

Ndinawapatsa bambo pepalalo n'kuwalozera mzerewo ndi siginecha yanga. Analitalikitsa ndi maso, anawerenga milomo ikuyenda, kenako analipinda pakati n'kuliika m'thumba la ovololo.

"Bweretsani, bambo."

"Mvera kuno. Lipoti lako ulembe kuti migolo inabwera ndi mchere, ndipo ine ndinawonjezera osafunsa. Zonsezo n'zoona. Za pepalali palibe wakufunsa."

"A Changu afunsa."

"Ukanene kuti silinabwere. Mapepala amasowa tsiku ndi tsiku pano." Anayamba kuvala majombo. "Ine ndatsala pang'ono kupuma, angandichite chiyani? Iwe uli ndi mwana wodwala, mwamuna wako amakhala pamsewu. Ukufuna uyambe kuyenda ndi envulopu m'maofesi?"

"Ndiye inu muchoke ndi mbiri yoti munawononga thanki?"

"Mbiri imadyedwa?"

Anatuluka. Ndinakhala ndekha ndi mabotolo makumi awiri aja, ndipo kunena zoona ndinaganizira zimene ananenazo kwa nthawi yaitali kuposa mmene ndimafunira kuvomereza. Zinali zosavuta. Sindikanalemba bodza lililonse, ndikanangosiya mzere umodzi. Koma ndinkadziwa kuti mawa lake ndikanayeneranso kukwera makwerero aja, kutunga sopo wawo, n'kusaina ngati munthu woyenera kuyeza ntchito ya anzake. Zimenezo zinanditopetsa kuziganiza kuposa kukalankhula.

Ndisanapite ku ofesi ndinayesa chinthu chimodzi. Mchere ukalowa sutuluka, koma umatheka kuugawa. Ndinakhuthula botolo limodzi, ndinathiramo gawo limodzi la sopo wa m'thanki n'kusakaniza ndi magawo awiri ndi pang'ono a sopo watsopano wopanda mchere. Chifunga chija chinayera ndikuona, ndipo kandodo kanayamba kulemera m'dzanja. M'kapu anatenga masekondi makumi atatu ndi asanu ndi awiri. Si mmene ndikanafunira, koma ndi sopo woti angagulitsidwe popanda munthu kuchita naye manyazi.

Ku ofesi ndinapeza bambo atandiyambirira. Anali ataima pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja, akuwauza a Changu kuti cholakwa ndi chawo ndipo mwanayu asavutitsidwe.

"Pepani abwana," ndinawadula. "Pali pepala limene linabwera ndi migolo Lachisanu. Linanena kuti mankhwalawa ali ndi mchere wambiri. Ndinasaina osawerenga tsamba lachiwiri. Lili m'thumba mwa bambo."

Bambo sanandiyang'ane. Patapita kanthawi anatulutsa pepalalo n'kuliika patebulo, analiwongola ndi chikhatho, n'kubwerera pomwe anaima.

A Changu anawerenga. Ndinkayembekezera phokoso, koma anangokhala pampando, anavula magalasi n'kutikita maso kwa nthawi yaitali. Aka kanali koyamba kuwaona atakhala chete masana.

"Migolo imeneyi ndinaitanitsa ndine," anatero pomaliza. "Kwa anthu atsopano. Anandiuza kuti ndi chimodzimodzi ndi yakale, ine n'kuvomera pafoni." Anavalanso magalasi. "Kalata yochenjeza mulandira, mayi. Musandiyang'ane choncho, nanenso ndilandira yanga kuchokera kwa mabwana kumwambako. Inunso a Thovu, ndowa zinayi osafunsa munthu?"

"Ndikanafunsa ndani?" anatero bambo.

A Changu sanapepese pa zimene ananena m'mawa zija, ndipo bambo sanadziwe n'komwe kuti zinanenedwa. Ndinafotokoza za botolo lomaliza lija, ndi zimene zinkafunika: kuchotsa sopo wokwana migolo isanu ndi iwiri m'thanki yachiwiri, kupanga watsopano wopanda mchere m'thanki yachitatu, n'kumuthira mwa wotsalayo pang'onopang'ono. Wa m'migoloyo tidzamugawa m'mathanki a masabata akubwerawa.

"Zitheka pofika Lachinayi?"

"Ngati pampu ilola."

Pampu sinalole. Inadzaza migolo itatu, inameza thovu, inalira ngati mbuzi, n'kuzima. Makaniko anati abwera mawa. Migolo inayi yotsalayo tinadzaza ndi ndowa. A Chivindikiro anaimika amayi a kumabotolo aja pamzere kuchokera pa makwerero mpaka pa migolo, bambo ali pamwamba kutunga, ife kumapatsirana. Ndowa ya sopo imaterera, ndipo pasanathe theka la ola pansi ponse panali poti ukaponda molakwika ukadzukira kuchipatala. Tinayala makatoni. Migolo inayamba kusefukira thovu isanafike n'pakati pomwe.

"Musamakhuthule ngati mukutaya madzi osamba," anakalipa a Chivindikiro. "Pendeketsani ndowa, sopo atsike chotsamira khoma la mgolo. Mwaona? Thovu lili kuti pamenepa?"

Bambo anasiya kutunga n'kuwayang'ana mayiwo kwa kanthawi, kenako anapitiriza.

Tinamaliza dzuwa litapendeka. Manja anga anali atachita makwinya ndipo ankawawa m'mphepete mwa zikhadabo. Pokwera basi bambo anakhala kutsogolo, ine kumbuyo, ndipo potsika pa siteji yawo sanatembenuke.

Lachitatu sanandiyankhule kupatula za ntchito. "Madzi akwana." "Bwera udzatunge." Makaniko anabwera cha m'ma teni, anatsegula pampu, anatiuza kuti ndife anthu ankhanza, n'kuikonza. Sopo watsopano anayamba kulowa m'thanki yachiwiri masana. Ndinkakwera makwerero mphindi makumi awiri zilizonse kukatunga, kutsika, kuyeza, kukweranso. Masekondi khumi ndi awiri. Khumi ndi asanu ndi atatu. Kwa ola lathunthu anakakamira pa makumi awiri ndi asanu, ndipo ndinayamba kuganiza kuti botolo langa lija linandinamiza. Kalata yochenjeza inandipeza pamakwerero pomwepo. Ndinaisaina ndi dzanja lonyowa, koma ndinayamba ndawerenga mbali zonse ziwiri, zimene zinawaseketsa a Chivindikiro mpaka kukhala pansi.

Cha m'ma folo bambo anaviika thabwa n'kulitukula. Sopo anatsika mwaulesi n'kudzipinda. Anangozimitsa makina otakasira. Kapu inati masekondi makumi atatu ndi asanu ndi atatu. Ndinasaina.

Amayi a kumabotolo anayamba kuthira Lachinayi sikisi koloko m'mawa, thovu litakwera. Lole inafika naini n'kudikira maola awiri, dalaivala akuliza hutala nthawi ndi nthawi ngati kuti mabotolo amamva. A Changu ankathamanga pakati pa geti ndi makina, nawonso akunyamula makatoni, tayi ataiponya paphewa. Katoni yomaliza itakwera, aliyense anangokhala pomwe anali.

Ine ndinakhala pakireti kuseri kwa sitolo, pamthunzi wa migolo isanu ndi iwiri ija. Ndinali ndi buledi m'chikwama koma kutafuna kunkaoneka ngati ntchito ina. Patapita nthawi bambo anabwera, anakoka kireti ina, n'kukhala pang'onopang'ono, mwendo umodzi atauwongola. Anatulutsa kabotolo ka mafuta odzola, anapaka m'ming'alu ya m'manja mwawo, n'kundipatsa.

"Uli ndi mutu wouma ngati amako," anatero.

"Amayi amati ndinatengera inu."

Anafwenthera pambali, ngati akubisa kuseka. Mkati amayi a kumabotolo ankakolopa.

"Ndawapempha a Changu kuti mwezi wamawa andisamutsire ku sitolo," anatero. "Usayambe kulankhula. Si za thankiyi. Ndakhala ndikuziganiza kuyambira chaka chatha. Maondowa sakufunanso makwerero. Pokwera ndimawerenga masitepe, potsika ndimapemphera."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikunena pano."

"Ndiye asakaniza ndani?"

"Ndawauza kuti ayese a Chivindikiro. Ali ndi diso mayi aja, ndipo anthu amawamvera. A Changu akuti aganiza kaye, koma avomera, alibe wina." Anatseka kabotolo ka mafuta n'kukabweza m'thumba. "Ine ndiwaonetsa za thabwa ndi mipopi. Zako za michira ndi mitu zija udzawauze wekha, ine ndingazisokoneze. Koma uwaleze mtima. Amamva msanga, kungoti kulemba sakonda."

Belu lotha nkhomaliro linalira. Palibe anadzuka nthawi yomweyo. Thanki yoyamba inali ikudikira kutsukidwa, ndipo ku labu kunali mabotolo makumi awiri oti ndikhuthule. Bambo anagwira mgolo, anadzikoka mpaka kuimirira, anayesa bondo kawiri, n'kulowera kumathanki. Ine ndinadya theka la buledi uja, kenako ndinawatsatira.